Kuphunzira za nyimbo zathu mozama: ku Zomba, ku Ndata, ku Chichiri, kunja, kapena mumsika wa Limbe?

Mwana akauza makolo kuti akufuna kukaphunzira za nyimbo ku yunivesite, funso limabwera lomwelomwelo: "Ndiye udzakhala woyimba?" Ambiri amangoti eya, poti nawonso sanamvepo kuti pali njira ina. Komatu kuphunzira kuyimba ndi kuphunzira za nyimbo ndi ntchito ziwiri. Woyambayo amafuna zala zizolowere gitala ndipo mawu asamachoke pa kiyi. Wachiwiriyu amafuna kudziwa chifukwa chake reggae inamera mizu ku Chileka ndi ku Balaka, amene amadya ndalama nyimbo ikafala m'mafoni, ndi chomwe chimachititsa kuti anthu adzaze Robin's Park kwa woyimba uyu koma kwa uyo mipando n'kukhala yokhayokha. Ndikulembera munthu wachiwiriyu, makamaka amene akukhala mu Blantyre muno, kaya wangolemba kumene mayeso a MSCE, kaya ali kale pantchito ku wayilesi, kutchalitchi kapena mu situdiyo.

Kunja maphunziro otere anakhazikika kalekale. Bungwe la akatswiri ofufuza nyimbo zotchuka, IASPM, linayamba mu 1981, ndipo yunivesite ya Liverpool inatsegula Institute of Popular Music mu 1988. Kumeneko munthu amatha zaka akufufuza mmene masitolo ogulitsa zimbale anafera, ndipo palibe womuseka. Kuno kwathu maphunzirowa anamwazikana. Gawo lina lili kwa aphunzitsi a nyimbo, lina kwa a zolembalemba, lina kwa atolankhani ndi a zamalonda, ndipo gawo lalikulu silili m'kalasi n'komwe. Lili m'mitu ya madala a m'mudzi wa Singano ku Chileka ndi m'makompyuta a anyamata obena nyimbo ku Limbe ndi ku Ndirande. Ndiye posankha musayambe ndi dzina la sukulu. Yambani ndi funso lanu, chifukwa sukulu yoyenera wofuna kumvetsa kalizidwe ka banjo si yomwe ingathandize wofuna kulondola ndalama za shoo.

Ku Zomba

Yunivesite ya Malawi, ija ambirife timangoitchabe Chanco ngakhale zinthu zinasintha mu 2021, ndiyo ili ndi mbiri yaitali pa nkhaniyi. Dipatimenti yomwe kwa zaka zambiri inkadziwika kuti Fine and Performing Arts yakhala ikuphunzitsa nyimbo limodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula. Kumeneko khutu limasulidwa: munthu amaphunzira kuwerenga ndi kulemba manotsi, kuyimba m'kwaya, kugwira chida, ndi mbiri ya nyimbo za kuno ndi za kunja.

Koma kwa wofufuza nyimbo zotchuka, chuma chenicheni cha ku Zomba ndi anthu oyandikana nawo. Mukafuna kumvetsa chifukwa chake oyimba a nthawi ya chipani chimodzi ankabisa nkhani m'miyambi ndi m'nthano za nyama, aphunzitsi a mbiri ali pakhomo lotsatira. Lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa Censorship Board mukaliwerenga kwa a zamalamulo, pamodzi ndi lamulo la umwini wa luso la 1989 ndi lomwe linalowa m'malo mwake mu 2016. A zinenero akuthandizani kumva kusiyana kwa Chichewa cha pa wayilesi ndi cha anyamata a hip hop. Mukatuluka pageti, National Archives ili mumzinda womwewo. Palibe sukulu ina m'dziko muno yomwe zonsezi zinaunjikana pamalo amodzi chonchi.

Chomwe ndimadandaula nacho pa kafukufuku wochokera ku mbali ya zolembalemba, osati ku Zomba kokha, n'chakuti amakonda kutenga mawu a nyimbo, kuwasindikiza papepala ngati ndakatulo, n'kuyamba kuwatambasula, kulira kwa nyimboyo kutatsala panja. Tengani Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Mutha kulemba masamba makumi asanu za ndale za m'mawu ake, zonse zoona. Koma mawu amenewo sakanafika ku Nsanje ndi ku Chitipa pakanapanda Alleluya Band yomwe inayamba ku parishi ya Balaka mu 1978, situdiyo ya mkulu wake Paul Banda, kiyibodi yomwe inapeputsa mtengo wojambulira, ndi kaseti yomwe inkagulidwa ku Limbe n'kukwera basi. Nyimbo imayenda ndi miyendo ya malonda. Mukapita ku Zomba, muumirire kuti kafukufuku wanu wa chaka chomaliza akhale ndi makutu komanso akawunti, osati maso okha.

Ku Ndata

Yunivesite ya MUST (Malawi University of Science and Technology), yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ambiri amaidziwa ndi sayansi. Koma ili ndi Bingu School of Culture and Heritage, ndipo kumeneko kuli digiri ya African Musicology. Pa mayina onse a madigiri a m'dziko muno, ili ndi lomwe layandikira kwambiri nkhani yathuyi, chifukwa nyimbo si phunziro lowonjezera, ndizo mutu wa zaka zinayi zonse. Malonso anakomera wofufuza. Thyolo ndi kwawo kwa Allan Namoko, mkulu wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band, ndipo ndi dera la tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014. Wofuna kuona mmene ng'oma ya gule inalowera mu banjo, kenako mu kiyibodi, kenako mu kompyuta ya mnyamata wopanga mabiti, ali pamalo pake.

Chenjezo langa ndi ili. Maphunziro a nyimbo za mu Africa, kulikonse komwe amaphunzitsidwa, amakokera ku magule a makolo, kalimba, mangolongondo ndi bangwe, ndipo n'zoyenera kutero. Koma ngati mtima wanu uli pa amapiano, dancehall ndi nyimbo zauzimu za pa YouTube, musanalembe fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, pezani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, muone kuti zamakono zapatsidwa malo otani. Funsaninso amene ali chaka chachitatu kapena chachinayi kuti anzawo am'mbuyo analemba mitu yanji. Mitu ya ophunzira omaliza ndiyo imaulula zomwe aphunzitsi amalola ndi zomwe amakwinyira nkhope. China n'chakuti Ndata ndi kumudzi. Shoo ya Loweruka usiku mu Blantyre imafuna thiransipoti ndi pogona, ndipo wofufuza anthu omvera nyimbo sangaphonye mashoo.

Pakati pa Zomba ndi Ndata, wachinyamata wochokera ku Fomu 4 amene amaliza kale chida kapena kuyimba m'kwaya, ndipo mafunso ake ndi a kalizidwe ndi chiyambi cha zamba za nyimbo, ndingamulozere ku Ndata. Amene mafunso ake ndi a ndale, malamulo, chinenero ndi chikhalidwe cha omvera, apite ku Zomba. Konseku kulowa n'kudzera ku NCHE ndi ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngongole ya fizi imapemphedwa ku bungwe lomwelija lobwereketsa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede.

Khomo lakumbali la pa Chichiri

Njira iyi anthu saiganizira, koma kwa wofuna kufufuza malonda a nyimbo ndi yomwe ndimaikonda. Yunivesite ya MUBAS, Poly yakale ija, dzina lake silikumbutsa nyimbo. Imaphunzitsa utolankhani, zofalitsa mauthenga, zamalonda, zowerengera ndalama, za makompyuta. Komatu mafunso omwe oyimba athu akulira nawo lero ndi a m'makalasi amenewa. Ndalama ya pageti imagawidwa bwanji pakati pa mwini holo, mwini zokuzira mawu, apolisi olondera, osindikiza matikiti ndi bandi? COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso lomwe linayamba ntchito mu 1992, imatolera bwanji ndalama ku mawayilesi, m'mabala ndi pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko, nanga imadziwa bwanji kuti uyu alandire zingati? Woyimba amene nyimbo yake yaonedwa kamiliyoni pa YouTube, koma owonera ambiri ali m'Malawi momwe otsatsa malonda amalipira pang'ono, amatenga chiyani m'thumba? Wophunzira akawunti amene amakonda nyimbo angayankhe izi bwino kuposa katswiri wa manotsi.

Ndiye muone pomwe sukuluyi inakhala. MBC ili chapafupi pa Chichiri pomwepo, nyumba yosungira zakale ya Museum of Malawi ili pomwepo, Comesa Hall ndi Kamuzu Stadium mungapite wapansi, ndipo nyumba ziwiri zazikulu za nyuzipepala, Times ndi Nation, zili cha ku Ginnery Corner. Munthu atha kutuluka m'kalasi masana n'kukacheza ndi muulutsi amene wakhala akuyika nyimbo pa Radio 2 ya MBC chitsegulire mu 1997. Kwa amene ali pantchito, palinso maphunziro a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata, zomwe zikutanthauza kuti simusiya malipiro anu.

Kuipa kwake n'koonekeratu. Khutu lanu palibe alisule. Mutha kumaliza zaka zinayi osatha kufotokoza kusiyana kwa reggae ya ku Chileka ndi ya ku Balaka kupatula kunena kuti ina ndi yolemerera. Mphunzitsi wokuyang'anirani kafukufuku athanso kukhala woti nkhani za nyimbo amaziona ngati zachibwana, n'kukukankhirani ku mutu wa mabanki. Mankhwala ake ndi kubwera ndi funso looneka la malonda kapena la utolankhani kuyambira mutu wake, n'kumaphunzira chida pambali, ngakhale kwa woliza kiyibodi wa kutchalitchi kwanu.

Za Music Crossroads ya ku Lilongwe ndingodutsa mwachangu. Ndi sukulu yabwino yosula oyimba ndi oliza zida, ndipo mabandi ambiri adya zipatso zake. Koma cholinga chake ndi siteji, osati kafukufuku. Ngati mukufuna kuliza bezi gitala mwaukadaulo, pitani. Ngati mukufuna kulemba mbiri ya bezi gitala m'Malawi, ikuthandizani khutu basi, zina zonse mukazipeza kwina.

Kuwoloka malire

Ku South Africa ndiko kufupi, ndipo kuli chifukwa china choposa kufupikako. Nyimbo zathu za m'tauni zinabadwa pa msewu wopita kumeneko. Amuna opita ku migodi kudzera ku Wenela ankabwera ndi magitala, magalamafoni ndi zimbale za kwela ndi jive, mpaka ulendowo unaimitsidwa pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Komanso zomwe Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, yomwe anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda. Mawu a agogo athu ali kumeneko. Cape Town, Wits ndi KwaZulu-Natal nakonso kuli madipatimenti olimba a nyimbo, okhala ndi aphunzitsi amene nyimbo za m'tauni za mu Africa amaziona ngati phunziro lenileni. Kupitirira apo ndi ku UK, monga ku Liverpool kuja, kapena ku Vienna komwe kuli mbiri yaitali yofufuza nyimbo za kuno.

Vuto ndi thumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi yolipira m'ma rand kapena m'mapaundi inasanduka nthano kwa banja wamba. Chotsala ndi thandizo la Beit Trust, lomwe ndi la anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, la Commonwealth, la Chevening lomwe limafuna kuti munagwirapo ntchito zaka ziwiri, kapena la Mandela Rhodes kwa opita ku South Africa. Onsewa ndi a digiri yachiwiri kupita m'tsogolo, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe sindilimbikitsa kupita kunja pa digiri yoyamba. Chifukwa china n'chachikulu. Wopita kunja ali wamng'ono amabwera ndi mabuku a mbiri ya rock ndi jazz m'mutu, koma osadziwa kuti Robert Fumulani, woyimba wa ku Chileka, anali ndani. Wopita ali ndi digiri yoyamba, atanyamula zokambirana makumi angapo zomwe anajambula yekha ku Chileka ndi ku Bangwe, amafika ali ndi katundu amene pulofesa wa kumeneko alibe. Pofunsira thandizo la fizi, katundu ameneyu ndiye amakusiyanitsani ndi anzanu mazana.

Kuyamba nokha, muno mu Blantyre

Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa njira iyi ndi yotsegukira aliyense, ndipo onse osankha njira zinazo adzafika pano ndithu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba, akuliza nyimbo zawo mumzinda uno. Chitoliro cha kwela, gitala, ndi bezi ya chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi. Anthu ankangodutsa, ena n'kuponya kandalama. Kuchokera pa kukumana kumeneko munatuluka mabuku, mafilimu ndi maulendo a ku Ulaya, ndipo Donald anafika pokaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America asanamwalire mu 2001. Ku Singano, kwawo kwa a Kachamba ku Chileka, wofufuza wina, Moya Aliya Malamusi, anayambitsa Oral Literature Research Programme, n'kusonkhanitsa zojambula za nyimbo ndi nthano za m'madera ambiri. Kafukufuku wotchuka kwambiri wa nyimbo za m'tauni za Malawi anayambira m'mbali mwa msewu wa Blantyre, osati m'kalasi.

Chileka yokhayo ingadyetse ofufuza khumi. Ndi kwawo kwa a Kachamba, kwa a Fumulani, kwa Evison Matafale amene anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndi kwa Black Missionaries amene anapitiriza ntchito yake. Mabanja amenewa ndi apachibale ndi oyandikana, ndipo funso la mmene luso limayendera m'magazi ndi m'mudzi, ndani anaphunzitsa ndani kugwira gitala, likudikirabe wolilemba mwadongosolo anthu oona ndi maso akadalipo.

Koma tiyeni tipite kumsika, chifukwa kumeneko ndiko kuli nkhani ya lero. Kakhumbi ka malata kapena kontena, benchi kutsogolo, kompyuta yakale ya fumbi, sipika yolira mpaka mawu kusweka, ndi zingwe za mafoni zolendewera pa msomali. Mayi wafika ndi foni ya mabatani, watulutsa memori khadi yomwe anaikulunga m'kapepala. "Achimwene, mundiikire zauzimu, koma za kwaya, osati zodumphadumphazi." Mnyamata wa kabaza waima osatsika n'komwe: "Aise, zatsopano zonse, udzaze." Wobenayo safunsa zambiri. Ali ndi mafoda ake omwe anawasanja yekha, lina la ukwati, lina la maliro, lina la minibasi, lina la zakale, ndipo amakoka nyimbo zomwe iye waona kuti zikuyenda. Taganizani mphamvu yomwe ali nayo mnyamata ameneyu. Ntchito yomwe kale inali ya O.G. Issa, wogulitsa makaseti wamkulu wa ku Limbe, yosankha kaseti yoti ifike m'maboma onse, lero yagawikana kwa anyamata mazana otere, ndipo palibe amalemba zomwe amasankha. Mukakhala pa benchi imeneyo ndi kope masiku angapo, mwini malo atavomera, n'kumalemba amene wabwera, msinkhu wake mongoyerekeza, zomwe wapempha ndi zomwe wapatsidwa osapempha, mudzakhala ndi chithunzi cha zomwe Amalawi akumvera chomwe Spotify kapena Boomplay sangakupatseni, poti ambiri mwa anthuwa bandulo yomvera nyimbo pa intaneti alibe.

Nkhani ya umwini wa luso ikutsatani pabenchipo. Wobenayo akudya thukuta la woyimba, izi n'zoona. Koma oyimba ena amapita okha kukasiya nyimbo zawo kwa anyamatawa, ulere, kuti zifale, podziwa kuti ndalama idzabwerera pageti la shoo kapena pa kuitanidwa ku ukwati ndi ku misonkhano ya makampani. Wofufuza asathamangire kuweruza. Afunse mbali zonse kuti nyimbo imodzi imabweza ndalama kudzera kuti.

Malo ena ndi awa. Ku MBC kuli matepi a zomwe wayilesiyi inajambula kuyambira m'ma 1960, nthawi yomwe inali yokhayo m'dziko muno ndipo woyimba wosajambulidwa kumeneko ankangodziwika kumudzi kwawo. Kulowa kumafuna kalata ndi kudekha, ndipo kalata yochokera ku sukulu imatsegula zitseko msanga kuposa nkhope yanu. Ku Mandala House kuli laibulale ya Society of Malawi, yabwino pa mbiri ya mzinda, zithunzi ndi magazini akale. Masamba a zisangalalo a nyuzipepala akale ndi mgodi wina: zotsatsa mashoo zimakuuzani holo yomwe inkagwira ntchito chaka chakuti, mtengo wa pakhomo, ndi bandi yomwe inkatsegulira inzake. Ndipo musaiwale matchalitchi. Oyimba ambiri a dziko lino anaphunzira kiyi ndi kugwira maikolofoni m'kwaya kapena m'gulu lotamanda, ndipo msika wa nyimbo zauzimu ndi waukulu moti wousiya panja walemba theka la nkhani.

Palinso nkhani ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, amene atayimba limodzi ndi Patience Namadingo anapezeka akuvinidwa pa TikTok ndi anthu mamiliyoni a m'mayiko omwe sanamvepo Chichewa. Aliyense anasangalala. Koma mafunso a wofufuza ali pomwepo: anthu aja anamva chiyani mu nyimboyo, inadutsa njira yanji kuchoka pa foni ya mu Blantyre kufika ku Asia, ndipo phindu la kutchuka kotero limafika bwanji kwa mwini nyimbo amene alibe akaunti pa malo omwe yatchukirapo?

Tsono njira yoyenda nokhayi ili ndi maenje ake, ndipo ndi akuya. Loyamba, palibe pepala. Mutha kudziwa mbiri ya mabandi a Kalimba ndi Makasu kuposa dokotala wa pa yunivesite, koma pofunsira ntchito adzafuna satifiketi. Lachiwiri, palibe wokudzudzulani. Oyimba ndi anthu okonda kukometsa nkhani. Wina adzakuuzani kuti kaseti yake inagulidwa zikwi mazana, wina kuti ndiye anayambitsa chamba chakuti, ndipo wopanda mphunzitsi amangolemba zonse ngati uthenga wabwino. M'kalasi ndimo amaphunzitsa kufunsa funso lomwelo kwa anthu atatu osakhalira limodzi, kusiyanitsa zomwe munthu anaona ndi zomwe anamva, ndi kulemba tsiku, malo ndi dzina pa chojambula chilichonse. Zimenezi mutha kuziphunzira panokha powerenga zolemba za ena, monga za John Lwanda amene walemba zambiri za nyimbo, ndale ndi umoyo m'Malawi, n'kumaona mmene amatsimikizira mfundo. Koma zimafuna kudziletsa komwe ambiri tilibe popanda wotiyang'anira.

Nanga pambuyo pake mudzadya chiyani?

Funso la makolo lija lili ndi nzeru, tisalinyoze. Ntchito yolembedwa kuti "wofufuza nyimbo" simudzaiona kawirikawiri m'nyuzipepala. Omaliza maphunzirowa amapezeka akuphunzitsa, akuulutsa mawu kapena kukonza mapulogalamu pa wayilesi ndi pa kanema, akugwira ku COSOMA, ku dipatimenti ya zachikhalidwe ndi ku nyumba zosungira zakale, akuyendetsa zochitika ngati Lake of Stars, Sand Music Festival ndi Blantyre Arts Festival, kapena akuyang'anira oyimba ngati mamanejala. Pa ntchito zimenezi, wa ku MUBAS amapeza pogwira msanga chifukwa digiri yake imagulika ngakhale kunja kwa nyimbo. Wa ku Ndata ndi wa ku Zomba ali ndi kuya komwe winayo alibe, koma ayenera kuwonjezera luso lina logulika, monga kujambula mawu mu situdiyo, kulemba mapulani opempha thandizo la ndalama, kapena uphunzitsi. Wa kunja amabwera ndi dzina ndi anzake a m'mayiko ena, zomwe zimathandiza pofuna ndalama za kafukufuku, koma mipando ya uphunzitsi m'mayunivesite athu ndi yowerengeka.

Kwa amene ali kale pantchito ndipo ali ndi banja, kusiya zonse n'kukakhala m'hositelo zaka zinayi si nzeru. Bola kuyamba ndi mutu umodzi waung'ono wa pafupi ndi kwanu, monga mbiri ya situdiyo imodzi ya ku Chilobwe kapena ya kwaya imodzi ya ku Zingwangwa, n'kuulemba bwino, kuutumiza ku nyuzipepala kapena ku Society of Malawi Journal, kenako n'kupita nawo kwa mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Ndata kukafunsa za digiri yachiwiri ngati yoyamba muli nayo.

Njira iliyonse mungasankhe, tsiku lokakumana ndi gogo woyimba lidzafika, ndipo pamenepo pali mwambo wake. Musangotulukira ndi foni m'manja. Pitani kudzera mwa wachibale kapena mfumu, nyamulani kashuga ndi sopo, khalani pansi, mulonjerane mokwanira. Nenani poyera kuti zojambulazo mukapita nazo kuti, ndipo funsani kuti, "Agogo, kodi mukulola kuti izi anthu ena akazimve, kapena zikhale za ine ndekha?" Yankho lawo lijambulidwe pa tepi yomweyo. Akayimba, imeneyo ndi ntchito, muwalipire monga mungalipirire woyimba wina aliyense, ndipo nyimboyo ikhalabe yawo. Madala ambiri a ku Chileka, Thyolo ndi Chiradzulu anajambulidwapo ndi alendo osiyanasiyana osaonanso komwe mawu awo anapita, n'chifukwa chake ena amayamba ndi kukana. Mukamaliza, koperani zonse pa memori khadi ina, mulembepo tsiku ndi dzina lanu, mukasiye kwa mdzukulu amene ali ndi foni pakhomopo, ndipo kope lachitatu mukapereke ku laibulale kapena ku sukulu yomwe ingalisunge, chifukwa laputopu imabedwa ndipo fulashi imafa osatsanzika.